Kavalamanja: Mudzi wa Kumathero a Mseu

Munthu wocokera ku Lusaka amene afuna kukafika ku Kavalamanja ayenera kukwera katatu, ndipo cigawo ciriconse ca ulendowo ndi cacifupi kuposa cinzake ca m'mbuyo, komanso cobvuta kuposa ico. Coyamba ndi ca makilomita pafupifupi 230 pa mseu waukulu wopita ku Chipata, kudzera ku Chongwe, ku Rufunsa ndi m'mapiri okhotakhota a Manenekera, mpaka pa ulalo wa Luangwa. Caciwiri ndi ca makilomita pafupifupi 90, kutsikira kumwera motsata mtsinje wa Luangwa mpaka pa boma, pamene akuluakulu amapachulabe kuti Feira. Cacitatu sicifika ngakhale makilomita 30, kukwera cakumadzulo motsata Zambezi; koma ndi cimeneci cimene cimalamula tsiku limene mlendo adzafike.

Ife tinauyenda ulendowu m'mwezi wa Okutobala caka ca 2023, titalandira uthenga wa maliro a mkulu wina amene tinagwira naye nchito zaka zambiri, amene atakalamba anabwerera kwao kukatsiriza masiku ake pakati pa abale. Tinanyamuka ku Lusaka tambala asanalire, ndipo dzuwa lisanapendeke tinali titafika kale pa boma, tikudzitama mumtima kuti tikagona pa siwa. Koma pa bomapo panalibe galimoto yolowera kumene tinali kupita. Wina anati tidikire lole ya nsomba. Wina anati mwini bwato la injini akusowa mafuta. Wina anangotiyang'ana, natifunsa ngati tinali ndi mbale pafupi woti atibwereke mphasa. Tinagona pomwepo. M'mawa mwake mnyamata wa njinga yamoto anabvomera kutitenga, koma anakana kunyamuka dzuwa lisanakwere, cifukwa m'mamawa njobvu zimakhala zikali m'njira pocokera kumtsinje. Pamene tinafika tinakumana ndi anthu akubwerera kumanda. Sitinawaimbe mlandu. M'cigwa cimeneci muli malo otsikitsitsa m'Zambia monse, mamita 329 okha pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo kutentha kwa Okutobala sikulola kuti mtembo udikire mlendo.

Masiku atatu amene tinakhala pamaliropo tinali ndi mpata woyang'ana ndi kufunsa. Tinafuna kudziwa kuti mudzi wotere uli ndi anthu angati, ndiponso kuti anthuwo amatuluka ndi kulowa motani. Sitinacedwe kuona kuti yankho la funso limodzi lagona pa yankho la linzake.

Anthu angati?

Mabuku a kalembera wa Boma sachula midzi umodziumodzi. Amapereka ciwerengero ca cigawo, ca boma, ca dera la phungu ndi ca wadi, ndipo mudzi waung'ono umasungunuka m'kati mwa wadi monga mcere m'ndiwo. Cimene tingawerenge poyera ndi ca boma lonse la Luangwa. Mu 2000 munali anthu pafupifupi 19,000. Mu 2010 anapitirira 24,000. Ndipo kalembera wa mu 2022, amene anayenera kucitika mu 2020 koma anacedwa, anapeza anthu pafupifupi 36,000. Kuti timve bwino kucepa kwa nambala imeneyi, tiganize za bwalo la mpira la Heroes ku Lusaka. Titati tisonkhanitse anthu onse a Mfumu yaikulu Mburuma ndi a Mfumu Mphuka, kuyambira khanda la dzulo mpaka nkhalamba yoyendera ndodo, sangalidzaze bwalolo. Pa sikweya kilomita imodzi pamakhala anthu pafupifupi 10, pamene m'dziko lonse ndi 26.

Komabe tisafulumire kunena kuti kumeneku kukutha anthu. M'zaka 22 ciwerengero ca bomali cinatsala pang'ono kuwirikiza kawiri, monga momwe cinacitira ca dziko lonse, cimene cinacoka pa 9.9 miliyoni mu 2000 kufika pa 19.6 miliyoni mu 2022. Ana akubadwa, ndipo ambiri akukula kuposa kale. Koma wina aliyense woyenda ndi maso angaone kumene nyumba zatsopano za malata zikumera. Zikumera pa boma ndi m'mphepete mwa mseu wa phula. Mukangopatuka pa phulalo, nyumba zimayamba kutalikirana, ndipo pakati pa nyumba zogonamo anthu mumaona zina zitagwa denga, pakhomo pake patamera msipu.

Ciwerengero ca mudzi weniweni cimapezeka kwa nyakwawa. Lamulo la mu 1971 la kulembetsa ndi kutukula midzi linanena kuti mudzi uliwonse ukhale ndi kaundula wa anthu ake, ndipo m'midzi yambiri kaundulayo ndi kope la ana a sukulu, losungidwa m'pulasitiki kuopa ciswe. Mwambo wolemba anthu a m'midzi ndi wakale kuposa pamenepo. Atsamunda ankalemba cifukwa ca msonkho, ndipo kwa zaka zambiri sankalola kuti mudzi ulembedwe ngati unalibe amuna khumi okhoma msonkho. Makolo athu anaphunzira nthawi imeneyo kuti dzina likalowa m'buku la mzungu limatuluka ndi ngongole, ndipo mantha amenewo sanathe ndi ufulu wa 1964. Tikaonjezapo mwambo wathu wakuti ana sawerenga ngati mbuzi, sitidabwa kuti pa kalembera aliyense pamapezeka mai wina amene amachula ana anai, wacisanu ali kuseri kwa nkhokwe. Ife timawamvetsa amai otere, koma sitingawayamikire. Mwana wobisika kwa wowerenga wabisikanso kwa womanga sukulu ndi kwa wogawa mankhwala.

Pamaliropo panabwera nyakwawa wina wa mudzi wa m'mbali mwa Zambezi kudzakhuza, ndipo madzulo tinakhala naye pansi pa mtengo wa msau. Tinawafunsa kuti, "Amfumu, kodi anthu onse a m'buku lanu amagona m'mudzi?" Iwo anaseka, nayankha kuti, "Aphunzitsi, mukafuna kudziwa anthu anga musawerenge maina. Mubwere dzuwa likamalowa, mudzawerenge utsi." Anatifotokozera kuti maina ambiri a m'bukumo eni ake ali ku Kanyama, ku Chawama, ku Kafue ndi ku migodi, ena ali kumisasa ya asodzi kutsidya, ku nyanja ya Cahora Bassa, ndipo amabwera kawiri kapena katatu pa caka, ana a sekondale ali kogonera komweko. Otsala ndi okalamba, amai ndi ana aang'ono, pamodzi ndi amuna owerengeka amene usiku amalondera minda ya m'madimba kupitikitsa njobvu ndi mvuu.

Tinafunsanso cifukwa cimene safafanizira maina a anthu amene anacoka zaka makumi awiri zapitazo. Anatiloza kumanda kumene tinali titangocokera. Malemuwo anakhala kutali ndi kwao kuyambira unyamata, koma atabwerera anapeza munda wao ukuwadikira, ndipo palibe amene anawafunsa kalata. Madzi saiwala khwawa. Pamenepo tinaona kuti wowerenga wa Boma ndi nyakwawa onse akunena zoona, koma akuwerenga zinthu ziwiri zosiyana. Wa Boma amawerenga amene akudya m'mudzimo lero, ndipo mwana amene anakhazikika ku Kanyama amamuwerengera ku Lusaka. Nyakwawa amawerenga amene adzafuna munda ndi manda. Tsoka lake ndi lakuti mseu, sukulu ndi kiliniki zimayesedwa ndi nambala yaing'onoyo, pamene mtolo wa maliro, wa ana amasiye obwezedwa kwa agogo ao ndi wa odwala obwerera kumudzi umacokera ku nambala yaikuluyo.

Pamene mtsinje unali mseu

Cimene ambiri a ife sitidziwa ndi cakuti dera limeneli, limene lero timaliyesa kuseri kwa dziko, kale ndilo linali khomo. Dzina lakuti Feira m'Cipwitikizi litanthauza msika. Ca m'ma 1720 amalonda ocokera ku Tete anakhazikika ku Zumbo, kutsidya kwa Luangwa, ndipo anatsegulanso malo a malonda tsidya lino, zaka zoposa 150 asanaoneke azungu a ku Fort Jameson. Njira yao inali Zambezi. Acikunda, amene makolo ao anali asilikali ndi anchito a eni minda ikuluikulu ya kumunsi kwa mtsinjewu, anachuka ndi kupalasa mabwato ndi kusaka njobvu. Malondawo sanali oyera onse, pakuti pamodzi ndi minyanga ndi golide panapitanso anthu omangidwa m'magoli, ndipo dzina la Kanyemba, limene lero ndi la malo a kutsidya ku Zimbabwe, linali la munthu amene midzi yambiri inkanjenjemera pomumva. David Livingstone anafika pamene Luangwa amathira m'Zambezi mu Januwale 1856, napeza mabwinja a nyumba za miyala, a chalichi, ndi belu losweka liri pansi.

Ngakhale ansembe amene anayambitsa mishoni za kuno sanadzere ku Lusaka, kumene nthawi imeneyo kunali kasiteshoni ka sitima cabe. Anaoloka Luangwa kucokera ku Miruru, m'dziko la Apwitikizi, boma latsopano la ku Lisbon litathamangitsa a Jesuit mu 1910, nakhazikitsa Kapoche ndi Katondwe.

Zinthu zinatembenuka pamene katundu anasiya kuyenda pamadzi nayamba kuyenda pa njanji ndi pa mseu. M'zaka za m'ma 1930 anamanga ulalo woyamba pa Luangwa, kumpoto kutali ndi Feira, ndipo mu 1935 Lusaka inasanduka likulu. Ulalo umene tikuolokapo lero unatsegulidwa mu 1968. Kuyambira pamenepo aliyense woyenda pakati pa Lusaka ndi kum'mawa anali kudutsa pa mphambano ya ku Feira osakhota, akungoima pa ulalo kugula nsomba zouma, madengu ndi mphasa. Cimene cinali khomo cinasanduka kuseri, ngakhale kuti mudzi sunasunthe ndi phazi limodzi lomwe.

Pambuyo pake mtsinje womwewo unasanduka mpanda. Ian Smith atalengeza ufulu wa azungu okha ku Rhodesia mu 1965, ndi kutseka malire mu Januwale 1973, Zambezi anakhala mzere wa nkhondo, ndipo msodzi wopita kukaonjola ukonde sanadziwe ngati adzabwerera. Pa 6 Marici 1978 asilikali a Rhodesia anaoloka ndi ndege kudzaphwanya msasa wa omenyera ufulu a ZIPRA pafupi ndi Kavalamanja. Anafa omenyera ufulu, anafanso asilikali a Zambia, ndipo anthu a m'midzi anathawa kusiya nkhokwe ndi mbuzi. Zimbabwe italandira ufulu mu 1980 nkhondo ya ku Mozambique inapitirirabe, mpaka inatha mu 1992. Mabomba okwirira pansi anatsala m'madera ena a m'malire kwa zaka zambiri, ndipo munali mu 2009 pamene Zambia inalengeza kuti yatsiriza kuwacotsa. Mbadwo wathunthu unakula ukudziwa kuti njira ndi cinthu coopsa. Ena mwa othawa aja anabwerera, ena anamanga kwina, ndipo ana ao ndi ena mwa maina aja opanda utsi.

Tikaonjezapo nkhalango ya nyama ya Lower Zambezi, imene inakhazikitsidwa mu 1983 cakumadzulo, tiona mmene mudziwu wakhalira. Kumwera kuli mtsinje ndi dziko la eni, kumadzulo kuli nyama ndi mpata wa Mpata, kumpoto kuli mapiri. Potulukira ndi kum'mawa kokha. Mseu wopita kumudzi wotere supitirira kwina kulikonse. Galimoto imene yalowa iyenera kubwerera njira yomweyo.

Masamu a mwini galimoto

Akuluakulu amakumbukira mabasi a UBZ, amene ankafika m'maboma akutali ngakhale okwera akhale ocepa, popeza anali a Boma. Kampaniyo inathetsedwa mu 1995, ndipo kuyambira pamenepo wonyamula anthu ndi munthu wamba amene ali ndi ana ake oti awadyetse. Ife tinakwiya usiku uja pa boma, koma titaganiza bwino tinaona kuti mwini galimoto alibe mtima woipa. Ali ndi masamu. Amawerenga mafuta opita ndi obwerera, matayala amene miyala idzang'amba, zitsulo zimene zidzathyoka m'maenje, kenaka amawerenga okwera. Akapeza asanu, ndipo awiri mwa iwo akulonjeza kudzalipira akagulitsa mbuzi, amazimitsa injini. Galimoto imanyamuka pokhapokha pali katundu wolipira ulendo wonse, ndipo kuno katunduyo ndi nsomba. Nsomba za m'Zambezi ndi za ku Cahora Bassa, zouma ndi zamcere, zimapita ku Lusaka, ku migodi mpaka ku malire a Congo. Munthu amakwera ngati mlendo wa nsomba, pamwamba pa mitolo, ndipo amafika zobvala zikununkha. Koma nsomba zikasowa, iyenso sayenda.

Motero mudzi wa kumathero umalipira mseu kawiri. Wogula mbuzi, masau kapena nsomba amatsitsa mtengo ponena kuti wabvutika kufika. Wogulitsa mcere, sopo, simenti ndi malata amakweza mtengo ponena mau omwewo. Mlimi ali pakati, ndipo alibe wina woti amuuze kuti nayenso wabvutika.

Tiyenera kunena zoona kuti zinthu zasintha. Amene anayenda mseu wocokera pa ulalo kupita ku Feira m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 amakumbukira fumbi la m'cilimwe ndi matope a m'dzinja, ndi malole ogona panjira. Pa nchito ya misewu yochedwa Link Zambia 8000, imene inayamba mu 2012 m'nthawi ya Pulezidenti Michael Sata, mseu umenewu unathiridwa phula, ndipo ulendo umene unkadya tsiku lathunthu unasanduka wa maora awiri osakwana. Mankhwala akufika, aphunzitsi sakukana monga kale, ndipo nsomba zaziwisi zikufika ku Lusaka zisanaole. Koma walira mvula walira matope. Phula lomwelo likunyamula makala, ndipo mitengo ya mopane ya m'mbali mwa mseu ikucepa. Likunyamulanso anyamata. Kale wopita ku Lusaka ankaganiza mwezi wathunthu, natsazika amalume ake; lero akakangana ndi atate ake m'mawa, madzulo ali ku Kanyama.

Kwa anthu a ku Kavalamanja ndi midzi yoyandikana nayo, phula limathera pa boma. Mseu umene tinayendamo ife unali wa dothi ndi miyala, wokwera ndi kutsika m'timakwawa tambiri touma. M'cilimwe timakwawa timeneti munthu satiwerengera n'komwe. M'dzinja mvula ikagwa m'mapiri timadzaza mwadzidzidzi, ndipo kakhwawa kamodzi kokha ndi kokwanira kudula mudzi masiku awiri kapena atatu. Pamenepo anthu amabwerera ku njira ya makolo, ya pamadzi. Kutsika ndi mtsinje kupita pa boma ndi kosabvuta. Kukwera pobwerera kumafuna injini ndi mafuta, kapena mikono ya amuna awiri ndi tsiku lathunthu. Ndipo m'madzimo muli eni ake. Mvuu imagubuduza bwato, ng'ona imadikira pa dooko. Cipatala ca mishoni ku Katondwe cimadziwika ndi kusoka anthu olumidwa ndi ng'ona, ocokera tsidya lino, ku Mozambique ndi ku Zimbabwe komwe.

Gogo wina pamaliro paja anatisimbira za mpongozi wao amene matenda a ucembere anamuyamba usiku m'mwezi wa Febuluwale, mwana atakhala mopingasa. Mseu unali utaduka. Anamunyamula pa macila a citseko mpaka kumtsinje, ndipo amuna anakana kupalasa mumdima cifukwa ca mvuu, kufikira amai atawakalipira ndi mau amene sitingawalembe pano. Mwanayo anabadwira m'bwato, boma likuonekera patali, ndipo ali moyo. Tinamuona akuthamangitsa nkhuku. Gogoyo atatha kuseka anakhala cete pang'ono, natiuza kuti mwana wao wamkazi weniweni, zaka zingapo m'mbuyomo, anayenda ulendo womwewo koma sanafike. Anamwino amalangiza amai kuti mwezi wotsiriza azikadikirira pafupi ndi cipatala, ndipo langizolo ndi labwino. Koma mai wokadikira amasiya ana, amasiya dimba m'nyengo imene njobvu zikulowa, ndipo ayenera kunyamula ufa wa milungu inai kucokera m'nkhokwe imene m'Febuluwale iri pafupi kutha. Inu a m'tauni amene mumati amai a kumudzi ndi osamva, yambani mwawerenga zimenezi.

Ndani ayambe?

Okonza mapulani ali ndi funso limene sitingalinyoze. Ndalama za misewu ndi zocepa, midzi ndi yambiri. Nanga n'cifukwa ciani ationongere ndalama pa mseu wothera pa anthu owerengeka, pamene kwina mseu wa utali womwewo ungathandize zikwi makumi? Koma funso limeneli limaiwala kuti kucepa kwa anthuko mbali ina kwabadwa ndi kusowa kwa mseu. Banja lacinyamata limene mwana wao woyamba anabadwira m'bwato limasamukira pa boma mwana waciwiri asanabadwe. Mphunzitsi amapempha kusamutsidwa, makolo amatumiza ana kwa abale a pa phula, ndipo pa kalembera wotsatira nambala imatsikanso, wokonza mapulani nanena kuti: mwaona, kulibe anthu. Galimoto ikudikira anthu, anthu akudikira galimoto.

Pali cinthu cimodzi cimene kucepa kwa anthu kumasanduka mwai. Thumba la citukuko la dera la phungu, limene timalicha CDF, linakwezedwa mu 2022 kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo linakweranso m'zaka zotsatira. Dera lirilonse limalandira mofanana. Ndiye kuti m'caka cimeneco dera la Feira, la anthu osakwana 40,000, linapatsidwa ndalama zofanana ndi za Kanyama, kumene anthu anali oposa 300,000. Zopempha zimayambira ku komiti ya citukuko ya wadi, ndipo apa ndi pamene midzi ya kumathero imagwera. Msonkhano umacitikira pamene pafika galimoto. Amene afunitsitsa mseu ndi amene amalephera kufika pa msonkhano wokamba za mseu. Akafika, nthawi zina amapempha phula, cinthu cimene thumba limeneli silingakwanitse, ndipo pempho lonse limagwa.

Ife tikuganiza kuti copempha ciyenera kukhala cacing'ono ndi coonekeratu: simenti pa timakwawa tija, kuti madzi akaphwa galimoto ioloke tsiku lomwelo, mipope ya pansi pa mseu pamene madzi amaguguda, kupala mseu caka ndi caka mvula ikangotha, osati kamodzi pa zaka zisanu, ndi bwato la injini losungidwa pa kiliniki, lokhala ndi mafuta ake amene sabwerekedwa kwa wina aliyense, ngakhale kwa amfumu. Zimenezi siziika dzina la munthu pa cikwangwani, n'cifukwa cake sizikondedwa pa nthawi ya masankho. Nawonso eni mudzi ali ndi mbali yao. Makolo ankalambula njira ndi makasu popanda wowalipira, ndipo ngalande yotsekeka ndi zinyalala siifuna thumba la Boma. Afunikanso kulembetsa ana akabadwa, kutenga ziphaso za NRC akafika zaka 16, ndi kulembetsa mavoti kumudzi konkuno m'malo mwa ku tauni, pakuti phungu naye ali ndi masamu ake monga mwini galimoto.

Caka ndi caka m'mwezi wa Marici ku Kavalamanja kumacitika mwambo wokumbukira amene anafa mu 1978. Kumabwera akuluakulu a asilikali, nduna za Boma ndi alendo a ku Zimbabwe, m'magalimoto amphamvu okwera m'mwamba. Ndi bwino kuti amabwera, ndipo ndi bwino koposa kuti amabwera m'Marici, kumapeto kwa dzinja, pamene mseu umaonetsa khalidwe lake lenileni. Palibe mmodzi wa iwo amene anganene kuti sanauone. Mudzi umenewu unalipira msonkho wa ufulu wa anansi athu ndi nyumba zake ndi anthu ake, ndipo ena mwa anthu amene akusowa m'ciwerengero cake anabalalika tsiku lomwelo limene alendowo amadzakumbukira.

Pobwerera sitinafune kubwerezanso njinga yamoto, cifukwa msana wa zaka makumi asanu unali utadandaula kale. Tinapeza malo m'bwato la msodzi amene anali kutsika ndi nsomba zake kupita pa boma, ndipo anatiuza kuti tikhale pakati, tisatulutse dzanja kunja. Tisanakwere, gogo uja anafika pa dooko ndi kathumba ka masau ouma ndi kapepala kolembedwa nambala ya foni ndi pensulo, kuti tikapereke kwa mwana wao wamwamuna ku Kanyama, amene anali asanabwere zaka zinai. Nyakwawa uja, amene anatiperekeza, anaonjezapo uthenga wake: tikamuuze kuti dzina lake likali m'buku, koma denga la nyumba yake linagwa ndi mvula ya caka catha, ndipo udzu wofolerera umamwetedwa moto usanalowe m'chire. Masauwo tinakapereka Lacisanu lotsatira. Mnyamatayo anatifunsa ngati mseu anaukonza.